Dzina la ku Sitandade Eyiti

Deliwe anawachenjeza amuna ake tsiku lomwe foni inalira kuti ntchito ija aipeza. Ankasita malaya pa katebulo ka m'fulati yawo ya ku Roysambu mu Nairobi, mwana wake Mtisunge ali kumbuyo, ndipo anayankhula maso ali pa kolala. Anati akakafika ku kampaniko ayambe okha kuwauza mabwanawo nkhani ya dzina ija, asadikire kuti akaimve kwa ena. Anthu ogwira ndege za asilikali si ahedi a ku pulayimale oti ukati ndine uje iwo n'kungolemba. Amafukula mpaka mizu.

Amuna akewo, a Griffin, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Anamufunsa ngati ku sekondale yoyendera ya kwawo ija ankaphunzitsako za chitetezo cha ndege, kapena anaziwerenga pa pepala lokulungira mandazi. Lamulungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi, Deliwe anayesa kudandaulira a Ambrose, tcheyamani wa gulu la Amalawi a mu Nairobi, bambo wa mimba yake amene ankakhala ku Spring Valley n'kumayendera galimoto ya nambala yofiira ya akazembe ndi mabungwe akuluakulu. Nawonso anangozunguza makiyi ku chala n'kunena kuti amayi mumakonda mantha, kwathu kuli madokotala ndi maloya oyenda ndi maina obwereka ndipo palibe anafa nazo.

Kwathu nkhani ya dzinayo ndi yaing'ono, yoti anthu amaseka nayo ngakhale pamaliro. A Griffin Chapotera sanabadwe Griffin. Mayi awo ku Ntcheu ankawaitana Davide, mwana wa a Kamzingeni. Atalemba mayeso a Sitandade Eyiti koyamba dzina silinatuluke, kachiwiri chimodzimodzi. Ahedi anawauza makolo kuti wobwereza kalasi sasankhidwa msanga, ndipo pomva chisoni anapatsa Davide dzina la msuweni wake Griffin Chapotera, amene anasiyira sukulu mu Sitandade Seveni. Davide analowa m'chipinda cha mayeso ali Griffin, ndipo Griffin ndi amene anasankhidwa kupita ku sekondale. Kuyambira pamenepo satifiketi, pasipoti, digiri ya makompyuta ya mu Nairobi, mtchatho wa ukwati, zonse zinali za Griffin. Ngakhale Mtisunge, kamwana kosadziwa kanthu, kanali Chapotera.

Kampaniyo inali kufupi ndi bwalo la ndege la Wilson, ndipo inkachotsa zipangizo zakale m'ndege zonyamula asilikali n'kuikamo zatsopano. Ntchito ya a Griffin, monga ankafotokozera aliyense wokhala nawo mpando umodzi m'matatu, minibasi ya nambala 44, inali kulemba mapulogalamu okhala m'kati mwa timabokosi ta kutsogolo kwa woyendetsa ndege, tomwe timamuuza kuti wakwera kufika pati, mafuta atsala bwanji, injini yatentha motani. Pulogalamu yotere sioneka pa sikirini ngati za mu saiba kafe. Amaiwotchera m'kachipangizo kochepa ngati bisiketi, ndipo ikalowa yalowa. Ukalakwitsa kadontho kamodzi, ankatero akukweza chala, ndege imaganiza kuti ili m'mitambo pamene ikulunjika mapiri a Ngong.

Zimenezo zinali zoona. Chomwe sankanena m'matatu n'chakuti iwo kabokosi koteroko anali asanakakhudzepo. Anawapatsa baji yachikasu ndi desiki ya pafupi ndi chitseko, ndipo tsiku lonse ankawerenga mizere yolemba ena n'kumayerekeza ndi zomwe buku la chipangizocho likunena. Chipinda chenicheni, momwe munali benchi yoyeserapo timabokosito, chinkatsegukira a baji yobiriwira okha, ndipo baji yobiriwira inkabwera munthu akamufufuza mbiri yake yonse n'kumupeza wopanda banga. Deliwe ankazidziwa izi chifukwa madzulo, akavula nsapato atatopa ndi jamu ya pa Thika Road, ankang'ung'udza kuti kamnyamata kena kamene ankakaposa m'kalasi kakulowa m'katimo, iwo ali pakhomo ngati mlonda.

Koma alendo akabwera, kung'ung'udzako kunkatha. Pamwamba pa TV anaikapo kabolodi kobiriwira ka mawaya, ndipo ankawauza alendowo ndi mawu apansi kuti asakayandikire kwambiri, si zonse zomwe lamulo likuwalola kufotokoza. Deliwe ndi amene ankakapukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo ankadziwa kuti ndi ka pulojekiti yawo ya chaka chomaliza ku yunivesite, koyatsa ndi kuzimitsa timagetsi titatu. Mlonda wa pageti anamulamula kuti aziwatcha injiniya. Mama mboga, mayi wogulitsa masamba pamsewu, amene ankangofuna kugulitsa ndiwo zake za sukuma, anamveratu kuti ndege zikamadutsa asaope, zili m'manja mwa kasitomala wake. Anatukumuka ngati finye, ndipo Amalawi anzawo, amene kale ankawatuma kukanyamula mipando pamisonkhano, anayamba kuwapatsa mpando wa kutsogolo.

Deliwe yekha ndi amene sankasangalala. Galimoto ikaima pageti ankasuzumira pa katani. Munthu wachilendo akamufunsa njira ankamukumbukira nkhope mpaka madzulo. Chilolezo chake chokhalira mu Kenya chinakolekedwa pa dzina la amuna ake, ndipo Mtisunge analembedwa m'pasipoti ya Deliweyo. Chaka chathachi anaona ndi maso ake mayi wina wa ku Congo, wa m'nyumba yapansi, apolisi akumukweza m'galimoto mwana ali kubere chifukwa cha mapepala a mwamuna wake. Anabwerako patapita milungu, mwanayo akutsokomola ngati nkhalamba. Mtisunge anali kale ndi mphumu. Kukangozizira pang'ono pachifuwa pake pankalira ngati wezulo. Deliwe za baji sankaziwerengera, yachikasu kapena yobiriwira. Iye ankangoona simenti ya m'selo, ndi mwana wake atagonapo.

Mu Julaye wa 2003, mwezi umene Nairobi amazizira mpaka m'mafupa, a Griffin anabwera ndi uthenga wakuti mayi wina wa ku ofesi ya chitetezo ya kampaniyo, dzina lake Consolata, akufuna kudzaona kumene amakhala. Chinali chinthu chomaliza baji isanasinthe. Deliwe anati abwere pakati pa sabata, amwe tiyi, aone mwana, azipita. A Griffin anati ndiye kuganiza kwa anthu osayenda kumeneko. Mayiyo abwere Lamulungu masana, ndipo tsiku lomwelo kukhale phwando lothokoza Mulungu chifukwa cha ntchito, aitane Amalawi onse a mabungwe akuluakulu, kuti akaone yekha kuti Chapotera sadya ndi anthu wamba.

Anabweradi. Magalimoto a nambala yofiira anavutika kupeza poima pakati pa matope ndi ngolo za madzi, amayi ake akutsika atanyamula madiresi m'mwamba. Anakwera masitepe akupuma mwaphokoso, ndipo atalowa anayang'ana denga ndi makoma ngati abwera kudzazonda wodwala. Ana a sukulu a m'makoleji, amene sanaitanidwe, anafika msanga kuposa onse n'kukhala kufupi ndi mbale ya nkhuku. Consolata anabwera pa matatu. Anali mayi wamfupi, wa juzi yotuwa ndi kachikwama kokutha m'makona, woti ukakumana naye pamsika ungamufunse mtengo wa anyezi. Anapereka moni kwa aliyense, anatenga chapati chimodzi, n'kukhala pakona pomwe ankaona chipinda chonse. A Griffin ankamubweretsera anthu mmodzimmodzi, akutchula udindo usanafike dzina.

Deliwe atalowa kukhitchini kukatsuka makapu, Consolata anamutsatira n'kutenga kansalu kopukutira osafunsa. Anacheza m'Chiswahili chosakaniza ndi Chingerezi. Anayamikira chitenje, anafunsa za chifuwa cha mwana, anafunsa kumene anakumana ndi bamboyo ndi amene anadalitsa ukwati. Kenaka, akuyang'ana kapu pa kuwala kwa windo, anafunsa kuti kodi kwawo kumudzi bamboyo amawaitana ndani.

Madzi a m'beseni anakhala ngati azizira nthawi yomweyo. Deliwe anati kwawo mkazi satchula dzina la mwamuna wake, ndi mwano. Kwa iye ndi bambo a Mtisunge basi.

"Nanga apongozi anu?"

"Apongozi amangoti bambo. Mwana wamwamuna akakwatira, ngakhale mayi ake amamupatsa ulemu."

Consolata anaseka, nati kwawonso ndi choncho, amuna ake amawatchula dzina pokhapokha akamawalembetsa ku chipatala. Anaika kapuyo pa shelefu n'kubwerera pakona pake. Deliwe anatsamira sinki. Mwambo umenewu ankauseka ali ku sekondale, ankati wake adzamutchula dzina ngati azungu, koma tsiku limenelo akanatha kuugwadira.

Kenaka inakwana nthawi ya zoyankhula, chifukwa Amalawi atatu sangadye nkhuku popanda mmodzi kuimirira. A Ambrose anagogoda botolo ndi foloko, anakoka lamba, n'kuyamba ndi kuthokoza Mulungu, komiti, ndi akazi awo. Ankayankhula Chichewa, ndipo Deliwe, ataima pakhomo la khitchini ndi thireyi, mtima wake unakhala m'malo. Consolata ankangotolapo timawu tofanana ndi takwawo, ndege, nyumba, mwana, n'kumagwedeza mutu mwaulemu. A Ambrose anali atafika kale ku Ntcheu, pa mnyamata wopanda nsapato, pamene akazi awo, a Immaculata, anawakoka jekete n'kunong'oneza mokweza kuti pali mlendo, si ulemu kumusiya kunja kwa nkhani, angamaganize kuti Amalawi sadziwa Chingerezi.

A Ambrose anapepesa, anatembenukira kwa Consolata, n'kutulutsa Chingerezi chawo cha ku misonkhano ya m'mahotela. Anayambiranso pachiyambi kuti mlendoyo asaphonye kalikonse.

"Mlendo wathu, injiniya mukumuonayu ife timamudziwa kuyambira ali ndi zipere. Uyu ndi Davide. Davide Kamzingeni. Analephera Sitandade Eyiti kawiri, mutu uli gwa ngati chitsa. Ena Mulungu akafuna kuwakweza amatumiza mngelo kudzawasintha dzina. Uyu anamutumizira ahedi."

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. A Ambrose anafotokoza bwinobwino, pang'onopang'ono monga amachitira ndi alendo, m'mene dzina la msuweni linabwerekedwera, kuti mlendoyo amvetse nzeru za kwathu. Mnyamata wina wa ku koleji, fupa lili m'manja, anati iye ali ndi maina atatu ndipo lachiwiri analiiwala. Mayi wina anati amuna ake anadziwa dzina lawo lenileni tsiku la chinkhoswe. A Griffin poyamba anaseka ndi mano okha, maso akuthamangira pakona. Koma ataona kuti akuluakulu onse akuwaombera m'manja, anaimirira n'kunena, m'Chingerezi nawonso, kuti Davide anali mbuli yoweta mbuzi, anamusiya ku Ntcheu, amene waima pano ndi Griffin. Anaombedwanso m'manja.

Consolata anadikira phokoso lithe. Anafunsa ndi mawu ofatsa ngati mwini dzinalo ali moyo.

A Ambrose anati ali moyo ndithu, wonenepa bwino, ndipo nkhani imakoma pamenepo. Griffin weniweni uja atatopa ndi maesiteti a fodya analowa usilikali kwathu, pano ndi sajeni. Ndiye mwaona, anatero akutambasula manja, dzina limeneli ndi la asilikali lokhalokha, wina wanyamula mfuti ku Malawi, wina akukonzerani ndege kuno. Anthu anasekanso, ndipo a Immaculata anapukuta misozi ndi kansalu.

Deliwe sanaike thireyi pansi. Ankayang'ana Consolata, amene anamaliza tiyi wake mpaka dontho lomaliza, anapinda kapepala kopukutira kukamwa, n'kuimirira kuthokoza onse chifukwa cha masana abwino. A Griffin anamuperekeza kukhomo, Deliwe ali pambuyo, Mtisunge atamugwira chitenje. Pakhomopo Consolata anati mawa m'mawa abwere onse ku kampani, bambo, mayi ndi mwana, atenge mapasipoti onse. Bamboyo asapite ku desiki yawo, akadikire pageti. Anati sakakhala yekha, kukakhala anthu ena a ku boma amene angafune kumva nkhani imeneyi kuchokera kwa eni ake. Kenaka anawerama n'kugwira Mtisunge patsaya.

"Pole, mama," anapepesa Deliwe m'Chiswahili. "Mumuveke juzi yokhuthala. Kumene mukadikireko kumazizira, ndipo sindikudziwa kuti mukatuluka nthawi yanji."

Anatsika masitepe osafulumira.

Mawu a pakhomo anamveka m'kati, chifukwa fulati ya ku Roysambu ilibe chinsinsi. Anthu anayamba kukumbukira kuti asiya ana okha, kuti msewu wa Lower Kabete umavuta madzulo, kuti mawa kuli ntchito. Amene ankati ali ndi maina atatu anatuluka woyamba, atakulunga nkhuku m'nyuzipepala. A Ambrose anawagwira a Griffin paphewa n'kunena kuti asadandaule, iwo amadziwa anthu, kungoti foni yatha moto ndipo sabata ino ali ndi msonkhano kunja. Anawonjezera kuti mayiyo anaoneka wosamva nthabwala, Akenya ndi choncho. A Immaculata potsazika anauza Deliwe kuti chapati chinali cholimba pang'ono, ulendo wina aziika mafuta ambiri. Dzuwa lisanalowe matope a pageti anatsala ndi mikwingwirima ya matayala yokha.

A Griffin anatseka chitseko n'kufunsa Deliwe kuti anamuuza chiyani mayi uja kukhitchini. Anawaona akunong'onezana. Munthu sangachoke pa phwando nkhope ili choncho chifukwa cha nthabwala ya a tcheyamani, payenera kuti pali chimene mkazi wosadziwa kuyankhula ndi anthu a maofesi anaphotchola. Deliwe anawerama pa tebulo. Ankasonkhanitsa mafupa m'mbale.

Mtima utatsika, a Griffin anayamba kuyendayenda m'chipindamo akukonza zokanena, m'Chingerezi, akuyesa mawu awa ndi awa. Anati ndi mwambo chabe wa m'maofesi. Kampani singataye munthu amene anapeza cholakwika m'mizere ya mzungu mwezi wake woyamba. Akafotokoza bwino za maphunziro a kwathu, akuluakuluwo akaseka ngati m'mene anasekera anthu lero, mwinanso baji akawapatsa mawa lomwelo. Anauza Deliwe kuti atulutse pasipoti yake aiike pamodzi ndi yawo, ndipo mawa avale diresi osati chitenje, asakawachititse manyazi.

"Bambo a Mtisunge," anatero Deliwe, "mawa akakakufunsani dzina, mukati ndinu ndani?"

"Injiniya Chapotera. Funso lanji limenelo?"

"Akakati Chapotera ndi sajeni wa dziko lina?"

A Griffin anati ndi zimenezo amanena, mantha a kumudzi. Deliwe anapukuta manja pa chitenje. Anawauza, kamodzi kokha, kuti ku River Road m'tauni kumanyamuka basi ya ku Dar es Salaam kusanache, ndipo ngati angakwere onse atatu, dzuwa likamatentha adzakhala atawoloka malire pa Namanga. Ntchito za makompyuta ku Blantyre ziliko, kumene dzina lobwereka silimangitsa munthu.

A Griffin anaima n'kumuyang'ana ngati wawatukwana. Iwo, munthu wolemba mapulogalamu a ndege za nkhondo, athawe pa basi ngati wakuba nkhuku, akakhale ku Blantyre n'kumakonza maprinta a m'masukulu? Amalawi a mu Nairobi akamva adzati chiyani? Anati nkhani imeneyo ithere pomwepo, analowa kuchipinda, ndipo posakhalitsa Deliwe anawamva akuyambiranso Chingerezi chija pagalasi.

Deliwe anakhala pa mpando Mtisunge ali pamiyendo. Mphepo ya madzulo inali itayamba kulowa pansi pa chitseko, ndipo ataika khutu pamsana pa mwanayo anamva kaphokoso kaja kakuyamba chapansipansi. Pasipoti yake inali idakali m'dzina la bambo ake, Deliwe Mlumbe. Amuna ake anali atamuuza kangapo kuti akasinthe, iye n'kumazengereza poopa mizere ya ku ofesi ya kazembe. Mpaka mawa m'mawa palibe wa pa chipata cha malire amene akanakhala ndi chifukwa chomufunsa kanthu. Mawa kukangocha, pasipotiyo ikalowa m'manja mwa anthu aja, siibwerera.

Anaganiza za ulendowo, basi ya ku Dar, ina ya ku Mbeya, mlatho wa Songwe woyenda pansi, mwana wa mphumu ali kumbuyo. Unali ulendo woopsa kwa munthu amene ankaopa ngakhale kuwoloka Thika Road. Anaganizanso za amuna akewo, kuti mawa akaima pageti okha ndi tayi wawo, ndipo chisoni chinamugwira ndithu, koma sichinamufike m'miyendo.

Anatenga botolo la mankhwala a chifuwa, khadi la ku sikelo, majuzi awiri ndi pasipoti, anaziika m'chikwama cha matewera, n'kuchikankhira pansi pa sinki kuseri kwa ndowa. A Griffin anafunsa ali kuchipinda ngati pasipoti ija waitulutsa, iye anati waitulutsa. Kenaka anabereka mwana, anati akukataya zinyalala, n'kutsika kupita pa kona pomwe pamaima mataxi. Anasankha dalaivala wachikulire amene ankamudziwa nkhope, namuuza kuti mbandakucha afike matatu oyamba asanayambe kuyenda, aime kuseri kwa shopu ya mkaka osati pageti, ndipo asaimbe hutala.